MALONDA A NETIWEKI: KODI NDALAMA ZOYAMBA ZICOKERA KUTI?

Caka catha m'nyengo ya dzinja, pamene ana anali atangotsegulira sukulu ndipo ndalama zinali zitatha m'nyumba zambiri, mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, anafika kwathu madzulo atanyamula cikwama catsopano. Iye amagulitsa salaula pamsika, ndipo si munthu woyenda usiku popanda nkhani. Titasamba m'manja pambuyo pa nsima, anatsegula cikwama cija naika pathebulo mabotolo anai, mapaketi a tiyi, sopo, mankhwala otsukira mano ndi kabuku kodzaza ndi zithunzi za anthu oimirira pambali pa magalimoto onyezimira.

"Alamu, ine ndajoina," anatero. "Tsopano ndifuna inu. Mukangoimirira ndi cijasi canu coyera cija n'kunena kuti zinthu izi n'zabwino, komboni yonse idzagula. Pofika Khrisimasi mudzaleka kupalasa njinga popita kunchito."

Ndinakana, ndipo cifukwa cake ndidzacifotokoza kutsogoloku. Koma iye sindinamuletse, pakuti ndi munthu wamkulu ndipo ndalama anali atalipira kale. Ndinangomupempha cinthu cimodzi. Ndinatenga kope la mwana wanga limene linali lisanalembedwe, ndi kumuuza kuti kwa miyezi itatu alembemo ngwee iriyonse yolowa ndi yotuluka cifukwa ca malonda amenewa. Zimene tinapeza m'kope lija ndizo zandicititsa kulemba nkhani ino, cifukwa masiku ano sipapita sabata popanda wodwala kapena womuperekeza kundifunsa kuti, "Adokotala, kodi m'bizinesi ya netiweki muli ndalama?"

MALONDAWA NDI OTANI?

Kwa amene simunaitanidwepo ku misonkhano yao, malonda a netiweki amayenda motere. Kampani siika katundu wake m'masitolo. Imalembetsa anthu wamba kuti azigula katunduyo pa mtengo wa mamembala ndi kukagulitsa kwa anzao pa mtengo wokwererapo. Imeneyo ndiyo njira yoyamba yopezera ndalama, ndipo siisiyana ndi ya mai amene amaoda tomato m'mawa n'kukagulitsa pa kantemba. Njira yaciwiri ndiyo imene imasiyanitsa malondawa ndi ena onse: mukalembetsa munthu wina, mumalandira kagawo pa katundu amene iye agula, ndiponso pa katundu wa anthu amene iye adzalembetsa. Amene anakulembetsani amamucha upline, ndipo amene ali pansi panu ndi downline. Katundu aliyense ali ndi mapointi ake, ndipo bonasi imawerengedwa pa mapointiwo.

Njira imeneyi si yatsopano. Inayamba ku California m'dziko la America mu 1945, pa kampani yogulitsa mavitamini ya Nutrilite. Mu 1959 amuna awiri amene anali kugulitsa katundu wa kampaniyo, Jay Van Andel ndi Richard DeVos, anayambitsa Amway. Forever Living inayamba mu 1978 ku Arizona ndi zakumwa za aloe vera, Herbalife mu 1980, ndipo Tiens inayamba mu 1995 mumzinda wa Tianjin ku China. Ena mwa maina amenewa mwawaona pa mabotolo m'makomboni mwathu. Kampani imene mlamu wanga analowa sindiichula, ndipo si imodzi mwa izi. Cimene ndifuna muone ndi cakuti kucokera paciyambi malondawa akhala akuyenda pamodzi ndi mavitamini, tiyi ndi zakumwa za umoyo. N'cifukwa cake nkhaniyi yafika pa tsamba lino.

ZIMENE KOPE LINAONETSA

Mlamu wanga analowa ndi K1,800 imene anatenga pa cilimba. Pa ndalamayi, K300 inali yolembetsera, ndipo K1,500 inali ya katundu woyambira. Katunduyo akanamugulitsa yense pa mtengo wolembedwa m'kabuku akanapeza K1,950. Cimene sanamve bwino pamsonkhano, cifukwa ca nyimbo ndi kuomba m'manja, ndi cakuti mwezi uliwonse anayenera kugulanso katundu wa K700 kuti dzina lake likhale loyenera kulandira bonasi.

Mwezi woyamba unayenda bwino kwambiri. Anagulitsa katundu wa K1,300, ndipo anabwera kudzandionetsa kope akuseka. Nditawerenga maina a ogula ndinapeza mkazi wanga, azakhali ake, anzake awiri a m'kwaya ndi mai wogulitsa kapenta pafupi ndi benchi lake. Onse anali anthu amene akanacita manyazi kumukanira. Ena anatenga pa nkhongole.

Mwezi waciwiri anagula katundu wa K700 uja, koma anagulitsa wa K650 cabe. Mwezi womwewo analembetsa amai awiri, ndipo pa foni pake panalowa bonasi ya K240. Uthenga wa ndalamayo anaonetsa aliyense pamsika, ndipo sindimunena, pakuti nanenso ndikanaonetsa. Mwezi wacitatu anagulanso wa K700, nagulitsa wa K520. Bonasi inatsika kufika pa K60 cifukwa mmodzi wa amai aja analeka kugula.

Miyezi itatu itakwana tinakhala pansi ndi kuwonkhetsa. Ku kampani kunapita K3,200. Pa zoyendera, thokotaimu ndi tikiti ya msonkhano wa kuhotela panapita K530. Zotuluka zonse zinali K3,730. Zogulitsa zinali K2,470, koma K250 inali ikali m'manja mwa a nkhongole, motero m'thumba munalowa K2,220. Kuonjezapo bonasi ya K300, zolowa zonse zinakwana K2,520. Ndiye kuti K1,210 inali isanabwerere.

"Koma alamu, katundu alipo m'nyumba," iye anatero. Zoona analipo. Wina anali atamwa yekha ndi kulawitsa anthu, monga anawaphunzitsira kuti wogulitsa ayenera kukhala woyamba kugwiritsa nchito. Wotsala pa shelefu, akanamugulitsa yense pa mtengo wa m'kabuku, akanabweretsa K910. Tsono tiyerekeze kuti wagulitsa botolo liri lonse ndipo a nkhongole onse alipira: akanatsalabe ndi K50 yosabwerera. Ndipo m'kope simunalembedwe masiku amene anatseka benchi la salaula kuti apite ku misonkhano.

Anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti, "Nanga K300 ya bonasi ija?" Ndinamuyankha kuti bonasiyo inali yeni-yeni, koma kuti ailandire anagula katundu wa K1,400 m'miyezi iwiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amasocera. Ndalama yolowa imabwera ndi uthenga pa foni, ndipo imakumbukika. Yotuluka imacoka pang'ono-pang'ono, lero K20 ya thokotaimu, mawa K15 ya njinga, ndipo palibe amene amaiwerenga.

Ziwerengero izi ndi za munthu mmodzi, ndipo wina angapeze zosiyana. Koma mayendedwe ake ndawaona kwa anthu ambiri: mwezi woyamba ndiwo wokoma kuposa yonse, cifukwa ogula oyamba ndi acibale ndi mabwenzi, ndipo iwo amagula nkhope yanu osati katundu. Msika wa acibale sucedwa kutha. Mlongo wanu angagule botolo la K300 kamodzi kuti akulimbikitseni, koma mwezi wamawa ali ndi lendi ndi malaiti oti alipire.

Panali cinthu cimodzi cabwino m'kope lija cimene mlamu wanga sanacione. Maina atatu anaonekamo mwezi uliwonse. Anthu amenewa anabwera okha popanda kuwanyengerera, analipira pomwepo, ndipo onse atatu anali kugula sopo ndi mankhwala otsukira mano. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzagulanso botolo lodula lija. Phindu pa anthu atatuwo linali laling'ono, koma ndilo lokha limene linali la malonda eni-eni. Ngati mufuna kudziwa kuti bizinesi yanu iri ndi moyo, musawerenge anthu amene agula koyamba. Werengani amene abweranso kaciwiri ndi kacitatu, amene si abale anu ndiponso si mamembala.

"INGOPEZANI ANTHU ASANU"

Pamisonkhano sacedwa pa nkhani ya sopo. Amajambula pa bolodi munthu mmodzi pamwamba, asanu pansi pake, ndi kunena kuti nchito yanu yonse ndi kupeza anthu asanu, iwonso apeze asanu-asanu. Tiyeni ticite samuyo mpaka kumapeto, pakuti iwo amaimira pa mzere wacitatu. Mzere woyamba uli ndi anthu 5, waciwiri 25, wacitatu 125, wacinai 625, wacisanu 3,125. Pa mzere wa 9 pafunika anthu 1,953,125. Kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupi-fupi 2.5 miliyoni m'cigawo conse ca Kum'mawa, kuwerengera ndi makanda omwe. Mzere wa 10 ufuna anthu oposa 9.7 miliyoni, ndipo wa 11 ufuna oposa 48 miliyoni, pamene Zambia yense anali ndi anthu okwana 19.6 miliyoni.

Palinso cina cimene samu imeneyi imaonetsa. Mungaimire pa mzere uliwonse, anthu pafupi-fupi 8 mwa 10 alionse amakhala pa mzere wapansi, opanda munthu pansi pao. Sikuti ndi aulesi ai. Ndi mmene cinthuco cinapangidwira. Motero munthu amene akuonetsani galimoto angakhale akunena zoona kuti anaipeza m'malondawa, koma funso loti mumufunse ndi lakuti analowa liti, ndipo pansi pake pali anthu angati amene akugula katundu wa mwezi ndi mwezi osamugulitsa.

Ku America kumene malondawa anayambira, boma lakhala likuwafufuza kwa zaka zambiri. Mu 2024 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linawerenga zikalata zimene makampani 70 a netiweki anafalitsa okha zoonetsa malipiro a mamembala ao. Linapeza kuti mamembala ambiri analandira madola 1,000 kapena ocepera pa caka, ndiye kuti osakwana madola 84 pa mwezi, ndipo zikalata zambiri sizinacotseko ndalama zimene mamembalawo anaononga. M'makampani osacepera 17, mamembala ambiri sanalandire kalikonse. Kafukufuku wa AARP Foundation wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 amene analowa, 47 anataya ndalama, 27 sanapindule kapena kutaya, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai ndiye anapeza phindu. Mu 2016 Herbalife inabvomera kulipira madola 200 miliyoni ndi kusintha kalipiridwe kake ku America kuti bonasi idalire pa katundu wogulitsidwadi kwa ogula. Dziko la China linaletsa malonda onse a mtundu umenewu mu 1998, ndipo pamene linawalolanso mu 2005 linakana zolipira munthu cifukwa ca mizere ya anthu a pansi pake.

NGATI MWATSIMIKIZA KULOWA

Sindinena kuti kampani iriyonse ya netiweki ndi yakuba. Mu 1979 bungwe lomwe lija la ku America linagamula kuti Amway si piramidi, ndipo zifukwa zake zingakuthandizeni kuyesa kampani imene yakuitanani. Kampaniyo inali ndi lamulo lakuti membala agulitse katundu kwa ogula khumi osiyana pa mwezi asanalandire bonasi, lakuti agulitse magawo 70 mwa 100 a katundu amene wagula m'mweziwo, ndi lakuti katundu wosagulitsika abwezedwe ndipo membala abwezeredwe ndalama. Lacitatuli ndilo muyambe kufunsa. Ngati nditalephera kugulitsa, kodi mudzalandira katundu wanu? Pa mtengo wanji, ndipo mpaka liti? Yankho lake mulione lolembedwa pa pepala la kampani, osati pakamwa pa upline wanu, amene amadya pa kulowa kwanu.

Funsaninso kuti muyenera kugula katundu wa ndalama zingati mwezi uliwonse, ndipo cimacitika n'ciani mukadumpha mwezi. Pemphani pepala loonetsa zimene mamembala onse amalandira, osati zithunzi za atatu a pamwamba. Kenaka tengani kabuku ka mitengo mupite nako ku sitolo ndi ku famasi ya m'tauni. Ngati sopo wao ndi wodula kasanu kuposa wa m'sitolo, dzifunseni kuti m'komboni mwanu ndani adzamugula kawiri. Ndipo ngati mukaunguza simuona katundu weni-weni, koma angokuuzani kuti ikani ndalama ndi kubweretsa anthu kuti ndalamayo iswane, cokanipo. Imeneyo si bizinesi ya netiweki. Ndi njira yozungulitsa ndalama imene lamulo la mabanki limaletsa, ndipo Bank of Zambia yacenjeza za iyo kambiri-mbiri. Ndi mmene MMM inadyera ndalama za anthu ku Russia mu 1994, ndiponso ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria mu 2016.

Mpamba woyambira ukhale ndalama imene mungataye banja osagona ndi njala. Kaloba musayese n'komwe, pakuti phindu la pa botolo silingapikisane ndi ciwongoladzanja ca kaloba. Ndalama ya sukulu, ya feteleza kapena mpamba wa bizinesi imene ikudyetsani kale musaikhudze. Gulani katundu woyambira wocepetsetsa amene alola, ngakhale akuuzeni kuti wamkulu ndiye amakweza msanga. Cabwino koposa, musanalipire yendani ndi kabuku ka mitengo kwa anthu khumi amene si abale anu, muone ngati alipo amene angapereke ndalama lero. Nkhongole musapereke. Nchito kapena benchi lanu musasiye. Kulembetsa anthu musakuyambe musanaone m'kope lanu phindu la miyezi itatu yotsatizana, cifukwa munthu amene mudzamulembetse ndi mnzanu wa ku chalichi kapena msuweni wanu, ndipo akataya ndalama adzakumbukira nkhope yanu, osati ya mwini kampani.

CIFUKWA CAKE NDINAKANA

Tsopano ndibwerere ku cijasi coyera cija. Mlamu wanga sananame ponena kuti komboni ikanagula. Botolo la K300 ndi lobvuta kugulitsa kwa munthu wabwino-bwino, koma ndi losabvuta kugulitsa kwa munthu wodwala amene watopa ndi mapiritsi. Wogulitsa watsopano amene katundu wamuunjikira m'nyumba, ndipo tsiku logulanso layandikira, amazindikira msanga kuti mau akuti "amathandiza thupi" sagulitsa, koma akuti "amacotseratu shuga" amagulitsa. Ndalama yofulumira m'malondawa iri pamenepo, ndipo ndi pamene ife a kucipatala timakumana nawo.

Ndikumbukira bambo wina wa zaka za m'ma 50 amene ndinamuona kwa zaka zinai cifukwa ca BP. Anali wosunga masiku ake, ndipo magazi ake anali kuyenda bwino. Kenaka anasowa miyezi isanu. Tsiku limene anabweranso anamunyamula pa wilibala, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafooka, pakamwa patapotoka. Mkazi wake anatulutsa m'citenje mabotolo awiri opanda kanthu, nati, "Adokotala, anatiuza kuti akamwa awa mapiritsi a kucipatala aleke, cifukwa amaononga impso." Wogulitsayo anali mwana wa mlongo wake wa bamboyo. Sindikhulupirira kuti mnyamatayo anafuna kupweteka amalume ake. Anangobwereza zimene anamva pamsonkhano. Bamboyo ali moyo, koma nchito yake ya ukalipentala inathera pomwepo.

BP ndi shuga ndi matenda amene timawaletsa kukula, sitiwacotsa. Munthu amamva bwino cifukwa mankhwala akugwira nchito, ndipo akaleka sadziwa kuti magazi akweranso, pakuti BP kawiri-kawiri siipweteka mpaka tsiku la sitiroko. Cimodzi-modzi ma ARV. Munthu akaleka kumwa, kacirombo kamacurukanso m'magazi m'masabata owerengeka, ndipo kumwa modumpha-dumpha kungacititse kuti mankhwalawo aleke kugwira nchito. Ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma kucokera mu 2005. Palibe tiyi, khofi kapena madzi a m'botolo amene amacotsa HIV.

Ngakhale amene sanaleke mankhwala ao ayenera kusamala. Anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno tsopano amamwa piritsi limodzi lochedwa TLD, limene muli mankhwala a dolutegravir. Ufa kapena mapiritsi a calcium, iron ndi magnesium, amene ogulitsa a netiweki amawakonda kwambiri, amagwira dolutegravir m'matumbo kotero kuti wocepa ndiye amalowa m'magazi. Malangizo ake ndi akuti piritsi la TLD limwedwe maola awiri musanamwe zimenezo, kapena patapita maola 6 mutazimwa. Mankhwala a zitsamba ochedwa St John's wort amafooketsa ma ARV ena ndiponso mapiritsi olera. Muzu wa liquorice, umene umapezeka m'matiyi ena, umakweza BP. Matiyi ambiri ocepetsa thupi kapena "otsuka m'mimba" ali ndi senna, amene ndi mankhwala otsegula m'mimba: sikelo imatsika cifukwa madzi acoka, osati mafuta, ndipo kumwa masiku ambiri kumatsitsa mcere wa potassium umene mtima umadalira. Madzi acikasu a pansi pa khungu la aloe amacitanso cimodzi-modzi. Amai apakati, oyamwitsa ndi odwala impso asamwe zinthu zimenezi asanafunse kucipatala.

Palinso kamakina kaja kamene amakugwiritsani kacitsulo m'manja, kompyuta n'kulemba m'mphindi imodzi kuti ciwindi canu catopa, impso zada ndipo mafupa afooka. Odwala amabwera ndi mapepala ake ali ndi mantha. Kunena zoona, kugwira citsulo sikungapime ciwindi kapena impso. Zimenezo timapima ndi magazi ndi mkodzo ku labu. Ndipo muone kuti matenda amene kamakinako kamapeza amakhala omwe aja amene mankhwala ake ali m'cikwama ca mwini makina.

Tembenuzani botolo muwerenge timalemba ta kumbuyo. Pa mabotolo ambiri ocokera ku America pamalembedwa m'Cingelezi kuti katunduyo sanapangidwire kupima, kuciza kapena kuteteza matenda alionse. Kampani yadziteteza ndi mau amenewo. Amene walonjeza kuciza ndi inu wogulitsa, ndipo mlandu ukabuka udzakhala wanu. Kuno kwathu lamulo la mankhwala la 2013 linakhazikitsa bungwe la ZAMRA, limene limayang'anira mankhwala, a zitsamba omwe, pamodzi ndi zoonjezera pa cakudya ndi kalengezedwe kake. Lamulo la 2010 loteteza ogula limaletsa kunamiza wogula za katundu, ndipo madandaulo amapita ku bungwe la CCPC. Ine ndikanati ndigulitse mabotolo kwa odwala amene abwera kudzandiona, ndikanayenera kukayankha ku Health Professions Council of Zambia, kumene kumacokera cilolezo canga ca nchito. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, wodwala amene wakhala pa benchi kuyambira m'mawa ayenera kudziwa kuti zimene ndimuuza sizicokera m'thumba langa.

Sindikana kuti mavitamini ali ndi nchito yake. Koma kumbukirani kuti mai wapakati amalandira mapiritsi a iron ndi folic acid kwaulere ku sikelo, ana amalandira vitamini A pa sabata ya umoyo wa ana kawiri pa caka, ndipo shuga wa m'sitolo wakhala akuikidwa vitamini A kucokera mu 1998. Banja limene liri ndi K300 yapadera lingapindule kwambiri pogula mazira, kapenta, nyemba, nshawa ndi ndiwo zamasamba kusiyana ndi botolo limodzi la masiku khumi.

Kwa inu amene mukugulitsa kale, pempho langa ndi ili. Musauze munthu kuti aleke kapena acepetse mankhwala a kucipatala. Musachule dzina la matenda pogulitsa. Wogula akakuuzani kuti ali pa mankhwala a BP, shuga, khunyu, TB kapena ma ARV, muuzeni atenge botololo apite nalo kukiliniki tikawerenge limodzi zimene zirimo. Sitidzamukalipira. Kwa inu odwala, mukafunsidwa kuti mukumwa ciani, chulani ndi tiyi yemwe, pakuti ambiri amabisa poganiza kuti tiyi si mankhwala.

Mlamu wanga sanacoke m'kampani ija, koma analeka kugula katundu wa K700 wa mwezi ndi mwezi, motero bonasi salandiranso. Upline wake anamuimbira foni masabata awiri kumuuza kuti ali ndi maganizo a umphawi, kenaka anamucotsa pa gulu la WhatsApp. Tsopano amaoda sopo ndi mankhwala otsukira mano pokhapo pamene ogula aitanitsa, ndipo amaziika pa ngodya ya benchi la salaula. Ogula okhazikika afika 9, ndipo mwezi wabwino amatsala ndi K150 kapena K200. Mabotolo awiri otsala anafika tsiku lake lotha nchito ali pa shelefu, ndipo tinawataya. Mai wa m'kwaya amene analembetsedwa ndi kuleka uja anali atakongola K1,800 yake kwa mwamuna wake. Mlamu wanga akumubwezera theka la ndalamayo, K100 mwezi uliwonse, ndipo kwatsala miyezi iwiri.